Giza yaphulika ku Area 47: tigule heat pump kapena ayi?

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, cha m'ma 5 koloko m'mawa, foni yanga inalira. Anali azakhali anga a ku Area 47. Ngakhale moni sanapereke.

"Mwana wanga, tabwera udzaone. Mvula ikugwa m'nyumba muno."

Mvula mu Juni? Nditafika ndinapeza siling'i ya m'kolido itagwa, madzi ali ponseponse, adzukulu awo akukolopa ndi matawulo akale. Giza yomwe inakhala kudenga zaka zoposa 15 inali itadyeka ndi dzimbiri mpaka kubowoka. Mwamwayi palibe anavulala.

Pulambala yemwe anabwera kudzatseka madzi anawasiyira azakhali mawu omwe anawasowetsa tulo. Anati asagulenso giza wamba, masiku ano kuli makina otchedwa heat pump omwe amatenthetsa madzi omwewo koma akudya gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a magetsi. Azakhali ndi namwino wopuma pa ntchito. Ndalama yomwe anali nayo ndi kangachepe komwe anasunga pa penshoni, ndipo akalakwitsa kugula, palibe pena pokatenga ina.

"Iwe umaphunzitsa Fizikisi," anatero. "Tandiuza, zimenezi n'zoona kapena akufuna andidyere?"

Ndivomere pano kuti ine mtima wanga unali kale pa heat pump. Makina amenewa ndimawakonda chifukwa muli Fizikisi yokoma kwambiri. Koma kukonda chinthu n'kwina, kuwerengera n'kwina. Tiyeni tiyende limodzi m'masamu omwe tinachita, chifukwa ambiri mwa iwo ndi omwe mukukumana nawo m'kalasi.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu kwanu kulibe giza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse m'Malawi ndizo zimawunikira ndi magetsi a m'mawaya. Madzi osamba ambirife timatenthetsa mu poto pa mbaula kapena pa mafuwa. Musathawe. Lamulo lotenthetsera ndowa imodzi ndi lomwelo lotenthetsera thanki yonse.

Giza imadya bwanji mayunitsi?

Giza ndi ketulo yaikulu basi. M'kati mwake muli elementi, waya wokhotakhota yemwe amatentha magetsi akamadutsamo, ndi thermostat yomwe imazimitsa elementiyo madzi akafika pa madigiri omwe munaika.

Vuto ndi loti madzi ndi ouma mutu pa nkhani yotentha. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi, pamafunika majulo pafupifupi 4,200. Nambala imeneyi ndi specific heat capacity ija ya m'buku mwanu. Chitsulo cholemera chimodzimodzi chimangofuna majulo pafupifupi 450, n'chifukwa chake poto amatentha msangamsanga madzi ali m'katimo akadali ofunda.

Giza ya azakhali inali ya malita 150, ndiye kuti makilogalamu 150 a madzi. Tinene kuti madzi a mu mpope akubwera ali pa madigiri 20 ndipo tikufuna afike pa 60. Kusiyana kwake ndi 40.

150 × 4,200 × 40 = majulo 25,200,000

Yuniti imodzi yomwe mumagula ku ESCOM ndi kilowatt-hour imodzi, yomwe ndi majulo 3,600,000. Gawani:

25,200,000 ÷ 3,600,000 = mayunitsi 7

Mayunitsi 7 pa thanki imodzi. Elementi ya 3 kW imagwira ntchitoyi kwa maola awiri ndi mphindi 20. Kuti muone kukula kwake, babu la LED la mawati 10 likhoza kuyaka maola 700 ndi mayunitsi omwewo, pafupifupi mwezi wathunthu usana ndi usiku. Ndiye mukamva bambo akukalipa kuti zimitsani magetsi kuchipinda koma giza ili chiyakire, mudziwe kuti akuthamangitsa mbewa njovu ili m'munda.

Ndipo pali china. Ngakhale pasapezeke wotsegula mpope, thanki imataya kutentha pang'onopang'ono kudzera m'makoma ake ndi m'mapaipi. Thermostat ikaona kuti madzi azizira, imayatsanso elementi. Mumalipira madzi otentha omwe simunasambe.

Tisanagule kanthu, tiyeze kaye

Masamu a pamwambawa ndi a papepala. Funso lenileni linali loti pakhomo pa azakhali, pomwe pamakhala anthu 6, giza imadya zingati patsiku?

Apa ngozi ija inatithandiza. Azakhali safufuta mauthenga a mayunitsi omwe amagula pa foni. Ine ndi mdzukulu wawo wa Fomu 3 tinawonkhetsa a miyezi itatu yapitayo n'kupeza kuti nyumbayo inkadya mayunitsi pafupifupi 19 patsiku. Kenako kwa sabata ziwiri giza kulibe, mtsikanayu ankalemba nambala ya pa mita tsiku lililonse 6 koloko m'mawa. Zinatuluka 11 patsiku.

19 kuchotsa 11 ndi 8. Giza yokha inkadya mayunitsi 8 tsiku lililonse, kuyandikira theka la magetsi a nyumba yonse.

Mtsikanayu ndi amene anandigwira pa cholakwika. "Ankolo, koma masiku ano timawiritsa ena mwa madzi osamba mu ketulo. Ndiye 11 uja muli kale magetsi otenthetsera madzi." Ananena zoona. Ndiye kuti giza inkadya 8 kapena kuposerapo pang'ono. Wasayansi weniweni amatero: akapeza yankho amadzifunsa kuti chasokoneza muyeso wanga n'chiyani. Tinagwirizana kugwiritsa ntchito 8, tikudziwa kuti tachepetsa osati kukokomeza.

Heat pump ndi firiji yotembenuzidwa

Tsopano tifike pa makina aja. Ngati kwanu kapena pa golosale ya pafupi pali firiji, kaikeni dzanja kumbuyo kwake ikamalira. Mumva kufunda. Kutentha kumeneko kwachokera kuti? Kwachokera mu fanta ndi nyama zomwe zili m'katimo. Firiji sipanga kuzizira. Imanyamula kutentha m'kati n'kukakutaya kunja.

Heat pump ndi makina omwewo, kungoti chomwe tikufuna ndi mbali yotenthayo. Imatola kutentha mu mpweya wa panja n'kukakuthira m'madzi a mu thanki. Elementi imapanga kutentha kuchokera ku magetsi, pomwe heat pump imasamutsa kutentha komwe kulipo kale. Kusiyana konse kwagona pamenepo.

Mwina mukuti, mu Julayi muno m'mawa Lilongwe kumazizira mpaka madigiri osafika 10, kutentha kotola kuli kuti? Kumbukirani sikelo ya Kelvin. Kutentha kumatheratu pa madigiri 273 pansi pa ziro. Mpweya wa madigiri 10 uli pa 283 K, ndiye uli ndi mphamvu yambirimbiri. Umangomveka wozizira chifukwa thupi lanu lili pa madigiri 37.

Chovuta n'choti kutentha kuli ngati madzi a mu mtsinje: pakokha kumatsetsereka kuchoka potentha kupita pozizira. Kuti kukwere chitunda, kuchoka mu mpweya wa madigiri 10 kupita m'madzi a madigiri 55, pamafunika pampu. Dzina lija lachokera pamenepa.

M'mapaipi a makinawa mumazungulira mankhwala otchedwa refrigerant, omwe amakanika amangowatchula kuti gasi. Chodabwitsa chake n'choti amawira pozizira kwambiri. Mwachitsanzo R134a, yomwe ili m'mafiriji ambiri, imawira pa madigiri 26 pansi pa ziro ikakhala pa mpweya wamba. Ulendo wake uli ndi masiteji anayi.

Poyamba ndi mu evaporator. Fani imapemerera mpweya wa panja pa timapaipi momwe muli refrigerant yamadzimadzi yozizira kwambiri. Kwa iyo, mpweya wa mu Julayi uli ngati moto. Imawira n'kusanduka nthunzi, ndipo powirapo imayamwa kutentha. Munadzolapo spiriti pa dzanja n'kumva kuzizira? Kapena kumwa madzi a mu mtsuko wa dothi masana a Okutobala? Ndi zomwezo. Madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kwa chomwe akhudza. Ndiyo latent heat ija.

Chachiwiri ndi kompresa. Imapanikiza nthunzi ija, ndipo gasi akapanikizidwa amatentha. Funsani wa kabaza aliyense mmene pampu yake imatenthera akapopa tayala. Apa ndi pomwe magetsi ambiri amagwira ntchito.

Chachitatu ndi condenser. Gasi wotentha uja amadutsa m'paipi yokhudzana ndi madzi osamba. Popeza tsopano ndi wotentha kuposa madziwo, kutentha kumatsetsereka kokha kulowa m'madzi, gasi n'kubwerera kukhala wamadzimadzi.

Chomaliza ndi kavavu kopapatiza. Refrigerant ikadutsapo, kupanikizika kumatsika mwadzidzidzi, iyo n'kuzizira kwambiri, kenako n'kubwerera ku evaporator kukatola kutentha kwina. Imangozungulira choncho osatha.

Kulowetsa imodzi, kutulutsa zitatu: si ufiti umenewu?

Mdzukulu wa azakhali anakana. "Ankolo, munatiphunzitsa nokha kuti mphamvu sipangidwa ndipo siwonongedwa. Yuniti imodzi ibala bwanji zitatu?"

Lamulolo silinaphwanyidwe. Yuniti imodzi yachokera ku mita, ziwiri zinazo zachokera mu mpweya wa panja, womwe umatuluka m'makinamo utazizira kuposa mmene unalowera. Imani kutsogolo kwa faniyo mumva. Ganizirani munthu yemwe walipira wa ngolo kuti amubweretsere matumba a chimanga chomwe wapatsidwa ulere kumudzi. Walipira mayendedwe okha, chimangacho sanagule.

Muyeso wake umatchedwa COP. Mumagawa kutentha komwe kwalowa m'madzi ndi magetsi omwe mwalipira. Elementi COP yake ndi 1, singapose pamenepo. Ma heat pump otenthetsa madzi a pakhomo nthawi zambiri amakhala pa 3 kapena 4.

Koma COP siikhala pamodzimodzi. Mu 1824 Sadi Carnot wa ku France analemba za malire a makina oyendera kutentha, ndipo kuchokera ku ntchito yakeyo timapeza COP yapamwamba yomwe makina angwiro angafike. Mumatenga kutentha kwa mbali yotentha mu Kelvin n'kugawa ndi kusiyana kwa mbali ziwirizo. Tinene kuti madzi tikuwafikitsa pa madigiri 55, omwe ndi 328 K.

Masana, mpweya uli pa madigiri 25: 328 ÷ 30 = pafupifupi 11

M'bandakucha wa Julayi, mpweya uli pa madigiri 10: 328 ÷ 45 = pafupifupi 7

Makina enieni safika n'komwe pa nambala zimenezi chifukwa mphamvu ina imatayika m'njira, koma phunziro lake ndi lomveka: chitunda chikatalika, pampu imavutika. Wanzeru amayatsa heat pump masana kukufunda, madzi n'kusungika mu thanki. Komanso wogulitsa akakuuzani kuti COP ndi 4, mufunseni kuti anayeza mpweya uli pa madigiri angati ndipo madzi ali pa angati.

Kwa azakhali tinatenga COP ya 3. Mayunitsi 8 aja atsika kufika pa 2.7. Opulumuka ndi 5.3 patsiku, pa chaka ndi pafupifupi 1,900. Pulambala uja sananame.

Kunja akulimbana nazo chifukwa chiyani?

Nzeru imeneyi si yatsopano. William Thomson, yemwe pambuyo pake anadzatchedwa Lord Kelvin, analemba za iyo mu 1852. M'zaka zomwezo Peter von Rittinger wa ku Austria anapanga makina otere oumitsira mchere. Mu 1938 nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Zurich ku Switzerland inayamba kufunditsidwa ndi heat pump yotola kutentha m'madzi a mtsinje wa Limmat. Lero maiko ozizira koopsa monga Norway, Sweden ndi Finland ndi omwe ali patsogolo pogwiritsa ntchito makinawa.

Ku Britain nyumba zambiri zili ndi boila yoyaka gasi, yomwe imatenthetsa madzi osamba komanso kufunditsa zipinda m'nyengo yachisanu. Kuyatsa gasi kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndiye boma limapereka mapaundi 7,500 kwa eni nyumba a ku England ndi Wales omwe akuchotsa boila n'kuika heat pump.

Kuno kwathu nkhani ndi ina. Sitifunditsa zipinda, juzi ndi bulangete zimakwana. Magetsi athu ambiri ndi a madzi, ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, komwe EGENCO imawapanga. Vuto lathu ndi kuchepa kwake. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ambiri mukukumbukira mmene tinkawerengera ndi tochi chaka chimenecho.

Tsono tiyerekeze kuti magiza 10,000 a m'ma Area 3, 9, 10, 12, 43 ndi 47 ndi madera ena ayaka nthawi imodzi m'mawa. 10,000 × 3 kW ndi mamegawati 30, theka la mphamvu ya siteshoni ya sola ya ku Salima ya mamegawati 60 yomwe inatsegulidwa mu 2021. Heat pump ya pakhomo imakoka pafupifupi 1 kW. Ndiye nkhani ya giza si ya anthu a m'mipanda okha. Ikukhudzanso wowotcherera zitsulo ku Mchesi ndi wa chigayo ku Kawale, chifukwa tonse timamwa pa chitsime chimodzi.

Ulendo wa ku Malangalanga ndi ku City Centre

Lolemba lake ine ndi azakhali tinalowa m'tauni. Tinayamba ndi mashopu a hadiweya ku Old Town, cha ku Malangalanga. Magiza wamba anali mbwee, maelementi ndi ma thermostat ali pa shelefu iliyonse. Magiza a sola a timachubu tagalasi analiponso ambiri. Titafunsa za heat pump, mnyamata wina anatibweretsera pampu yokokera madzi pa chitsime. Wina anati aitanitsa ku Johannesburg tikalipira theka.

Tinaipeza kudzera mwa kampani ina yoika ma air conditioner m'maofesi a ku City Centre. N'zosadabwitsa, chifukwa air conditioner nayonso ndi heat pump, imatola kutentha mu ofesi n'kukutaya panja. Anatilembera koteshoni. Azakhali anaiyang'ana, n'kuvula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuiyang'ananso.

Sindilemba makwacha pano chifukwa pofika nthawi yomwe mukuwerenga adzakhala atasintha. Makinawa amachokera kunja, ndipo mukudziwa kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Njira yabwino ndi kusandutsa mtengo kukhala mayunitsi. Tinatenga mtengo wa heat pump ndi thanki yake ndi woika, n'kuchotsa mtengo wa giza wamba, popeza thanki tinayenera kugula basi. Chotsalacho tinachigawa ndi mtengo wa yuniti imodzi mwezi umenewo. Chinafanana ndi mayunitsi pafupifupi 17,000.

17,000 ÷ 1,900 = pafupifupi zaka 9

Zaka 9 kuti ndalama ibwerere, bola pasawonongeke kanthu. Mtima wanga unagwa pang'ono.

Azakhali anafunsa mafunso atatu omwe ine wa Fizikisi sindinawaganize. Loyamba: "Ikafa, akonza ndani?" Elementi ikapsa, pulambala aliyense amasintha tsiku lomwelo. Heat pump ili ndi kompresa, fani ndi kabodi ka zamagetsi, ndipo kabodiko kakapsa mungadikire milungu kuti kabwere. Lachiwiri: "Magetsi akabwera mwamphamvu atathima?" Kompresa imadana ndi magetsi okwera ndi kutsika, ndiye pamafunikanso chotetezera monga chija timaika pa firiji. Lachitatu: "Nanga akathima tsiku lonse?" Apa yankho ndi losavuta. Popanda magetsi heat pump ndi bokosi chabe. Komanso imatenthetsa pang'onopang'ono, ndiye magetsi akabwera maola ochepa ikhoza kusamaliza ntchito.

Wopikisana naye wachitatu ali kumwamba

Titabwerera kunyumba tinaima pabwalo n'kuyang'ana denga. M'Malawi muno malo a sikweya mita imodzi amalandira mphamvu ya dzuwa yofanana ndi mayunitsi 5 mpaka 6 patsiku, tikatengera chaka chonse. Giza ya sola siisandutsa kuwala kukhala magetsi ngati mapanelo a ku Salima aja. Imatenthetsa madzi mwachindunji. Timachubu take tili ndi magalasi awiri, pakati pake anachotsapo mpweya ngati fulasiki ya tiyi, kotero kutentha kukalowa kumavutika kutuluka. Madzi otentha ndi opepuka, amakwera okha kupita mu thanki yomwe ili pamwamba, ozizira n'kutsika. Ndi convection ya Fomu 2 ija, yopanda pampu, yopanda magetsi.

Tinene kuti chotolera dzuwa ndi cha masikweya mita atatu ndipo chikugwira theka lokha la mphamvu yofikapo:

3 × 5.5 × 0.5 = mayunitsi pafupifupi 8

Ndi nambala yathu ija. Inde, si tsiku lililonse. Pali masiku a mitambo m'dzinja, ndi masiku ena a Juni ndi Julayi pomwe mphepo ya mwera imabwera ndi mitambo, madzi n'kungofunda. N'chifukwa chake ambiri amaikamo elementi yothandizira. Tinachotsera masiku otere n'kunena kuti sola ipulumutsa mayunitsi 1,700 pa chaka. Mtengo wake woposa giza wamba unafanana ndi mayunitsi pafupifupi 5,000. Gawani nokha: zaka zitatu.

Panali zoyenera kuona ziwiri. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa equator, ndiye m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo timachubu tiyenera kuyang'ana kumeneko. Mbali ya kumpoto ya denga la azakhali inali ndi mthunzi wa mtengo wa mango womwe anadzala malemu amuna awo. Kudula mtengowo anakaniratu. Tinayang'ana mthunzi 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko, n'kupeza kuti nthambi ziwiri zokha ndizo zikutchinga. Chachiwiri ndi kulemera. Malita 200 ndi makilogalamu 200, osawerengera chitsulo. Munthu yemwe waona siling'i yake itagwa safuna kumva za thanki pa denga lakale. Tinagwirizana zowotcheretsa nsanja yachitsulo pambali pa nyumba.

Chigamulo

Azakhali anagula giza ya sola ya malita 200 yokhala ndi elementi yothandizira, ndi timer yoti elementiyo iziyaka ola limodzi lokha m'bandakucha ngati madzi sanafike. Mapaipi anawakutira. Nthambi ziwiri zinapita, mango akadalipo. Ana anauzidwa kuti wofuna madzi otentha kwambiri asambe madzulo.

Chinthu chimodzi anakana monga namwino. Ndinati titsitse thermostat kufika pa 45 kuti tipulumutse mayunitsi ena. "Ayi aphunzitsi, pamenepo mwalemba m'madzi," anatero akuseka. Mabakiteriya otchedwa Legionella amaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo amayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma timadontho ta mu shawa. Dzinali linabwera matendawa atabuka pa msonkhano wa asilikali opuma ku Philadelphia mu 1976. Madzi osungidwa mu thanki ayenera kumafika pa 60. Izi zikukhudzanso heat pump, chifukwa zambiri zimagwira bwino mpaka cha pa 55, ndipo zimafuna elementi yokankhira madzi pa 60 nthawi ndi nthawi.

Ndiye heat pump yagonja? Pakhomo pa azakhali, eya. Koma sinthani nambala muone. Ganizirani loji ya ku Area 10 kapena Area 43 yozunguliridwa ndi mitengo ikuluikulu, alendo akusamba m'mawa ndi usiku chaka chonse, ndipo sangauzidwe kuti lero kunali mitambo. Makina akamagwira ntchito maola ambiri patsiku, mayunitsi opulumuka amachuluka ndipo zaka zobwezera ndalama zimachepa. Chimodzimodzi hositelo, chipatala, kapena fulati yopanda denga lakelake. Ndipo mtengo wa yuniti ukakwera kawiri makina osakwera, zaka 9 zija zimakhala zinayi ndi theka. Fizikisi ndi imodzi ku Area 47 ndi ku Oslo komwe, koma dzuwa, mtengo wa magetsi ndi kutalika kwa ulendo wokagula sipeya n'zosiyana.

Yesani nokha sabata ino

Choyamba, gwirani kumbuyo kwa firiji ikamalira, kenako yankhani funso ili: mukasiya chitseko cha firiji chotsegula m'chipinda chotseka, chipindacho chizizira kapena chitentha? Ganizirani komwe kutentha kukupita, ndipo musaiwale magetsi omwe kompresa ikudya.

Chachiwiri, werengerani mphamvu yotenthetsera ndowa ya malita 20 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 45, ndipo muisandutse kukhala mayunitsi. Mukapeza yankho loposa yuniti imodzi, bwererani mwalakwitsa penapake.

Chachitatu, thirani madzi m'zigubu ziwiri zofanana, chimodzi mukute ndi pulasitiki yakuda, china musiye. Ziikeni padzuwa kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko. Ngati kusukulu kuli thermometer, pemphani aphunzitsi muyeze ola lililonse n'kujambula girafu. Amene kwanu mumagula makala, muuze amayi asambe madzi a chigubu chakudacho tsiku limodzi, muone ngati thumba silikhalitsa.

Chachinayi, ngati kwanu kuli mita, lembani nambala yake nthawi yofanana kwa masiku 7. Ngati kuli giza, pemphani chilolezo kwa makolo kuti muizimitse pa switchi yake masiku awiri n'kufananiza. Musatsegule bokosi la magetsi kapena kukwera kudenga, ntchito imeneyo ndi ya odziwa.

Mdzukulu wa azakhali akulembabe nambala za pa mita. Sabata yatha ananditumizira uthenga kuti nyumba ikudya mayunitsi 12 patsiku, ndipo akufuna kudziwa kuti pa 12 amenewo, firiji yakale ya m'khitchini ikudya angati.